Ciarabu ca m'mabuku sicinafe, bwezani makasu

Kwa zaka zoposa zana tsopano, ku Cairo kwakhala anthu ophunzira amene amalalikira kuti Ciarabu ca m'mabuku ndi mtembo wovekedwa mkanjo wokongola, ndi kuti wolemba nthano amene afuna kunena zoona ayenera kulemba m'cinenero cimene mai wake amamukalipira naco. Masiku ano ulaliki womwewo wafika mwamphamvu ku Tunis ndi ku Casablanca, ndipo wapeza osindikiza mabuku okonzeka kuugulitsa. Ndi mau okoma m'khutu. Amamveka ngati akuimira mlimi, woyendetsa takisi ndi mai wa pamsika pamaso pa mabwana a kuyunivesite. Ine ndikuwakana, ndipo ndikuwakana monga mphunzitsi wa cinenero amene tsiku lililonse amaima patsogolo pa ana a anthu omwewo a pamsika. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Tiyambe taika nkhani poyera kwa amene sanaimvepo. Mwarabu aliyense wopita kusukulu amakhala ndi Ciarabu ca mitundu iwiri. Pali cimene amacicha fusha, ca m'mabuku, m'manyuzipepala, m'nkhani za pawailesi ndi m'mapemphero. Ici ndi cimodzi kucokera ku Morocco mpaka ku Oman. Ndiye pali ca pakhomo, cimene ku Egypt amati ammiyya ndipo ku Morocco amati darija, ndipo ici cimasintha dziko ndi dziko, nthawi zina cigawo ndi cigawo. Katswiri wa zinenero Charles Ferguson analemba za mkhalidwe umenewu mu 1959, nauchula kuti diglossia. Kuti muone kukula kwa mpata, tengani liu limodzi lokha lakuti "tsopano". M'fusha ndi al-an. Ku Cairo amati dilwa'ti, ku Beirut halla', ku Baghdad hassa, ku Tunis tawwa, ku Casablanca daba. Mau asanu osafanana ngakhale pang'ono, onse a cinthu cimodzi cimene anthu a m'nthano amanena pafupifupi patsamba lililonse.

Otsutsana nane ali nayo mfundo, ndipo sindiibisa. Amati palibe mwana amene amayamwa fusha pabere, palibe mwamuna amene amafunsira mkazi m'fusha, palibe amene amatukwana m'fusha akaponda munga. Motero mlimi wa m'mphepete mwa Nile akatsegula pakamwa m'buku nayamba kulankhula ngati woulutsa nkhani za madzulo, wolembayo wanama. Muhammad Husayn Haykal, m'buku lake Zaynab la ca m'ma 1913, analola alimi ake kulankhula monga amalankhulira kumunda. Yusuf Idris, dokotala uja amene nkhani zake zazifupi zimaceka ngati lumo, anacita cimodzimodzi kuyambira m'buku lake loyamba la 1954, ndipo caka comweco Abd al-Rahman al-Sharqawi anatulutsa al-Ard, mmene alimi amakangana za madzi ndi minda m'cinenero ca kwao. Awa anali amisiri enieni, ndipo kwakukulu anasiya fusha m'kamwa mwa wofotokoza nkhani. Amene ndikulimbana nao makamaka ndi amene anaoloka mtsinje wonse, monga Yusuf al-Qa'id amene analemba Laban al-Usfur yense m'Ciarabu ca ku Egypt mu 1994, ndi Taoufik Ben Brik amene analemba Kalb bin Kalb m'ca ku Tunisia mu 2013, pamodzi ndi onse amene amaloza mabuku oterewa nkunena kuti njira ya mtsogolo ndi imeneyi.

Colakwika cao coyamba ndi kuganiza kuti nthano ndi makina ojambula mau. Palibe munthu padziko lapansi amene amalankhula monga anthu a m'mabuku. Mukajambula anthu awiri akuceza pa siteshoni ya mabasi nkulemba zonse monga zinatulukira, mudzapeza ziganizo zoduka, kubwereza, kutsokomola, ndi nkhani imene siifika kulikonse. Wolemba aliyense amasankha, amadula, amasula. Ngakhale Idris sanalembe zimene anamva. Analemba zimene zinakucititsani kukhulupirira kuti mwamva. Funso tsono ndi lakuti kodi fusha ingathe kucita matsenga omwewo, ndipo yankho lake lili ndi dzina: Naguib Mahfouz.

Mahfouz anabadwa mu 1911 ku Gamaliya, m'kati mwenimweni mwa Cairo wakale, ndipo palibe amene analemba za makwalala a mzindawo kumuposa. Mu Zuqaq al-Midaqq, buku la 1947, muli Kirsha mwini nyumba ya khofi, kapolo wa camba. Muli Zaita, amene nchito yake ndi kupundula anthu ofuna kukhala opemphapempha. Muli Hamida, mtsikana wa pakamwa polasa amene afuna kuthawa umphawi mwanjira iliyonse. Onsewa amalankhula fusha. Mahfouz anatenga kayalidwe ka mau ka mumsewu, miyambi yake, malumbiro ake ndi matemberero ake, nazilowetsa m'mau a m'mabuku, akumasankha mwadala mau amene amakhala mbali zonse ziwiri, kotero kuti munthu wa ku Cairo powerenga amamva mnansi wake, pamene wa ku Rabat amamva ciganizo ciliconse. Anacita zomwezo m'mabuku atatu aja a banja la Ahmad Abd al-Jawad, a 1956 ndi 1957, ndipo mu 1988 analandira mphoto ya Nobel. Ambiri a ife kuno tinakumana ndi Hamida m'Cingerezi. Kodi alipo amene anatseka buku nkunena kuti uyu ndi wabodza cifukwa mtsikana wa ku Cairo salankhula Cingerezi? Ngati Hamida anakhalabe wamoyo ataoloka nyanja kulowa m'cinenero ca alendo, angafe bwanji m'cinenero cimene amacimva pawailesi ndi mumzikiti wa pafupi ndi kwao?

Koma nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya amene amapindula. Olalikira cinenero ca pakhomo amadzionetsa ngati oimira ang'onoang'ono, pamene cimene akufuna cimanenepetsa wamkulu yekha. Egypt ili ndi anthu oposa 100 miliyoni. Studio Misr inatsegulidwa mu 1935, wailesi ya Sawt al-Arab mu 1953, ndipo kwa zaka makumi ambiri mafilimu ndi nyimbo za ku Cairo zinalowa m'nyumba iliyonse ya Mwarabu. Cotsatira cake ncakuti wa ku Sudan, wa ku Yemen ndi wa ku Algeria amamva kalankhulidwe ka ku Cairo, koma wa ku Cairo savutika kuphunzira kao. Wolemba wa ku Egypt akasiya fusha amataya owerenga ocepa cabe. Khaled Al Khamissi analemba Taxi mu 2006, madalaivala ake akulankhula ca mumsewu, ndipo bukulo linayenda kutali. Wa ku Nouakchott kapena wa ku Fes akacita zomwezo, wadzitsekera m'khola. Si zacilendo kuona munthu wa ku Morocco akulankhula pa wailesi ya kanema ya kum'mawa, pansi pake atamulembera mau m'fusha kuti Aarabu anzake amumve.

Ndipo m'kati mwa Egypt momwemo, cinenero ca anthu nciti? Cimene cimalowa m'mabuku ndi ca ku Cairo. Munthu wa ku Sa'id, kum'mwera kwa dzikolo, kalankhulidwe kake kakhala koseketsa anthu m'mafilimu kwa mibadwo. Mukagwetsa fusha simunacotse mfumu. Mwangolonga ufumu likulu la dziko, ndipo wa kumudzi atsala pansi monga kale, koma tsopano alibe bwalo lina lodandaulirako.

Taonani mndandanda wa opambana mphoto ya International Prize for Arabic Fiction, imene inayamba kuperekedwa mu 2008. Woyamba anali Bahaa Taher wa ku Egypt. Mu 2011 anagawana Mohammed Achaari wa ku Morocco ndi Raja Alem wa ku Saudi Arabia. Mu 2014 anali Ahmed Saadawi wa ku Iraq, mu 2015 Shukri Mabkhout wa ku Tunisia, mu 2020 Abdelouahab Aissaoui wa ku Algeria, mu 2022 Mohamed Alnaas wa ku Libya. Anthu amenewa akhoza kukhala patebulo limodzi, kuweruzidwa ndi oweruza amodzi ndi kugulitsidwa pa cionetsero cimodzi ca mabuku, cifukwa msana wa mabuku ao ndi cinenero cimodzi. Ife a kum'mwera kwa Sahara tikafuna kuwerengana timabwereka cinenero ca atsamunda. Wa ku Dakar amafika kwa wa ku Lusaka kudzera ku Paris ndi London. Aarabu ali ndi cimene ife tikulira, ndipo ena a iwo akufuna kucigawa m'tizidutswa makumi awiri.

Fusha imalumikizanso amoyo ndi akufa. Mwana wa sekondale ku Amman akhoza, movutikira inde, koma akhoza, kuwerenga al-Jahiz amene anafa zaka zoposa 1,100 zapitazo, kapena Ibn Khaldun amene anafa mu 1406. Mwana wa ku London sangawerenge Cingerezi ca zaka 1,000 zapitazo popanda womasulira. Ena amati ici ndi cuma ca m'nyumba zosungira zakale, copanda nchito kwa wolemba wa lero. Afunseni za Gamal al-Ghitani. Iye anafuna kulemba za ulamuliro wa akazitape m'nthawi ya Nasser, nkhani imene inkalowetsa anthu m'ndende, ndipo iye mwini anali atalawapo ndendeyo. Anabwereka kalembedwe ka Ibn Iyas, wolemba mbiri wa m'masiku omaliza a ufumu wa Mamluk, naika nkhani yake ya Zayni Barakat m'Cairo wa zaka 500 zapitazo. Wowerenga aliyense anadziwa amene akunenedwa. Emile Habibi, wa ku Haifa, mu 1974 anatola nthabwala ndi maseweredwe a mau a mabuku akalekale kuti aseke tsoka la Mpalestina wotsala mu Israel. Zida zimenezi zinali pafupi cifukwa cinenero sicinaduke. Amene afuna kuona mathero a njira inayo apite ku Malta. Cinenero ca kumeneko cinacokera ku Ciarabu ca pakhomo, cimalembedwa m'zilembo za Cilatini, ndipo ndi cinenero cabwino ndithu, koma mwana wa ku Valletta sangatsegule buku la Mahfouz, ndipo owerenga a wolemba wa kumeneko ndi ocepa kuposa anthu a mu Lusaka.

Nakonso kunena kuti fusha inauma, siingathe kunena za lero, ndi ulesi. Liu lakuti sayyara kale linkatanthauza gulu la apaulendo, lero ndi galimoto. Hatif anali mau omveka popanda kuona wolankhula, lero ndi foni. Mabungwe a cinenero a ku Damascus, la 1919, ndi ku Cairo, la 1932, anathandizapo, koma nchito yaikulu inagwiridwa ndi atolankhani ndi olemba nthano, ndipo ambiri mwa amene anaiyamba, monga Butrus al-Bustani ndi Jurji Zaydan, anali Akristu. Ndachula ici cifukwa ca amene amaganiza kuti kuteteza fusha ndi nkhani ya mumzikiti cabe.

Pali mbiri inanso imene olalikira aja sakonda kuikumbukira. Mu 1880 Wilhelm Spitta, Mjeremani amene ankayang'anira nyumba ya mabuku ya boma ku Cairo, analemba galamala ya Ciarabu ca ku Egypt nalimbikitsa kuti cizilembedwa m'zilembo za Cilatini. Mu 1893 William Willcocks, injiniya wa Cingerezi wa za madamu ndi ulimi wothirira, anauza anthu a ku Egypt kuti cimene cikuwalepheretsa kutulukira zinthu zatsopano ndi cinenero cao ca m'mabuku. Mu 1901 woweruza milandu Selden Willmore anabwera ndi buku lake la uthenga wofanana. Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma ndi bwino kufunsa kuti kalumoko akufuna kumeta nako ndani. Dziko linali m'manja mwa asilikali a Britain kuyambira 1882, ndipo anthu awa sanauzepo ana a ku Yorkshire kuti asiye Cingerezi ca m'mabuku. Sindikunena kuti aliyense wolemba m'cinenero ca pakhomo ndi kapitao wa atsamunda. Salama Musa ndi Louis Awad anali ana a nthaka ya Egypt, ndipo Said Akl, amene mu 1961 anasindikiza ndakatulo zake m'kalankhulidwe ka ku Lebanon ndi zilembo za Cilatini, ankakonda dziko lake mpaka kupitirira muyeso. Cimene ndikunena ncakuti fusha ikacoka pampando, amene amakhalapo sakhala darija. Ku Morocco, mu 2013, Noureddine Ayouch, mkulu wa kampani yotsatsa malonda, analimbikitsa kuti ana ayambe sukulu m'darija, ndipo katswiri wa mbiri Abdallah Laroui anatuluka kukamutsutsa pa wailesi ya kanema. Patangopita zaka zisanu ndi cimodzi, mu 2019, nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lotsegulira njira yophunzitsa sayansi m'zinenero za kunja, makamaka Cifalansa. Agalu awiri akulimbirana fupa, fisi anali pambali kudikira.

Tsopano mfundo imene amati ndi yosayankhika, yakuti osauka samva fusha. Apa ndiyankha monga mphunzitsi. Munthu amene sadziwa kuwerenga sawerenga buku lililonse, kaya la m'fusha kaya la m'darija. Ndipo Mwarabu amene amadziwa kuwerenga anaphunzirira m'fusha. Maso ake anazolowera maonekedwe a mau amenewo, pamene cinenero ca pakhomo cilibe kalembedwe kogwirizana, moti liu limodzi olemba atatu amalilemba mwa njira zitatu. Kumene kuli bala lenileni ndi m'kalasi, kumene mwana wa zaka khumi amaloweza malamulo a mathero a mau ngati kuti akukonzekera kukhala woweruza wa galamala, osapatsidwa nthano ngakhale imodzi yoti aikonde. Limeneli ndi vuto la kaphunzitsidwe, ndipo mankhwala ake ndi odziwika. Mu 1979 ku Kuwait anayamba pulogalamu ya ana ya Iftah Ya Simsim m'fusha yopepuka, ndipo tiana tosayamba nkomwe sukulu tinkaitsatira m'maiko ambiri. Mbadwo wonse wina unakula ukuonera makatuni a pa Spacetoon olankhula fusha, nkumayesezera mau ake posewera pabwalo. Ana sanaone mtembo pamenepo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga izi muli ndi nkhani ina m'mutu, ya kuno kwathu. Ana anga a mu Lusaka amabwera m'kalasi ndi Cinyanja ca m'tauni, ca manje ndi maningi, ndipo Cinyanja ca m'buku amaciona ngati ca agogo a ku Katete. Mpata wathu ndi waung'ono poyerekeza ndi wa Aarabu, ndipo mabuku athu ndi a dzulodzulo, kotero sindifuna kukokera fanizoli patali. Koma cinthu cimodzi ncofanana. Nthano yolembedwa m'Cinyanja ca m'buku imawerengeka ku Chipata, ku Lilongwe, ku Tete ndi kwa acibale athu a ku Harare. Yolembedwa m'ca pa Soweto Market imathera pa Kafue, ndipo pakapita zaka makumi awiri ngakhale ana a ku Matero adzafuna womasulira, cifukwa cinenero ca mumsewu cimavula khungu msanga kuposa njoka.

Cinenero ca pakhomo cili ndi minda yake, ndipo palibe amene akucilanda. Nyimbo ndi zake, masewero ndi mafilimu ndi ake. Ndakatulo za Bayram al-Tunisi, Salah Jahin ndi Ahmed Fouad Negm zinapangidwira khutu ndi pakamwa, ndipo kuziveka fusha kukanakhala kuzipha. Ngakhale m'nthano, liu la kumudzi loikidwa pamalo pake ndi mcere m'ndiwo. Tayeb Salih anacita zimenezi mu Urs al-Zayn, ndipo Sudan imanunkhira patsamba lililonse. Koma buku limene linamufikitsa padziko lonse, Mawsim al-Hijra ila al-Shamal la 1966, linaima pa fusha, ndipo palibe amene anatipo mudzi wa m'mphepete mwa Nile uja ndi wonamizira.

Cinthu cimene adani a fusha amaciona ngati cilema cake cacikulu, cakuti si cinenero ca mai wa munthu aliyense, ndico cimene cimatsegulira khomo anthu amene mai ao sanali Mwarabu nkomwe. Ibrahim al-Koni ndi Mtuareg wa m'cipululu ca Libya, anaphunzira Ciarabu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo lero ali m'gulu la akuluakulu a nthano za Ciarabu. Salim Barakat ndi Mkurdi wa ku Syria. Mukanati cinenero ca mabuku ndi ca ku Cairo kapena ca ku Beirut, anthu awa akanakhala alendo mpaka imfa, omveka katsitsidwe ka mau kacilendo. M'fusha aliyense amalowa kudzera pa khomo la sukulu, mwana wa nduna ndi mwana wa m'busa wa ngamila.

Mohamed Choukri anabadwira m'mapiri a Rif, kumene cinenero ca pakhomo ndi Ciberber. Anathawa njala ndi bambo wankhanza, nakulira m'misewu ya Tangier pakati pa mbava, mahule ndi ozembetsa katundu, ndipo anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka 20. Ngati panali munthu woyenera kulemba m'cinenero ca mumsewu, anali iyeyu. Analemba al-Khubz al-Hafi m'fusha, fusha yowuma, yopanda mafuta, imene inanena zonse zimene anthu aulemu safuna kumva. Bukulo linayamba kutuluka m'Cingerezi mu 1973, m'Ciarabu mu 1982, ndipo boma la Morocco linaliletsa mpaka caka ca 2000. Lili coletsedwa kwao comweco, kumapeto kwa 1998 linautsa mkangano waukulu pa American University in Cairo, makolo ena atakwiya kuti ana ao akuwerengetsedwa zolaula. Mnyamata wa m'misewu ya Tangier anasowetsa tulo mabanja olemera a mzinda wa kutsidya lina la Africa. Akanalemba m'darija, makolo aja sakanafika ngakhale patsamba lacitatu.